Sefa ya makoko a nthochi ingachotsedi poizoni wa mabatire m'madzi a pachitsime?

Mayi_aMapasa
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru, mutu wanga wakula. Timakhala ku Blantyre kuno, malo ake otsetsereka, ndipo mpopi ukauma timatunga pachitsime cha pa lendi pathu. Kumtunda kwathu, nyumba zitatu zokha kuchoka pachitsimepo, kuli anyamata ogula mabatire akutha a galimoto ndi a sola, amawaswa ndi nkhwangwa. Asidi amangokhuthulira pansi, ndiye mvula ikagwa madzi ake amatsata ngalande yodutsa kuseri kwa bafa lathu. Mwana wa achemwali anga ali Fomu 3, wandionetsa kanema pa foni kuti kunjaku akusefa madzi otere ndi makoko a nthochi, ena zigoba za nkhanu. Dzulo wadula kale botolo la malita 5, wathiramo mchenga, makala ndi makoko osinja. Madzi akutuluka oyera mbee. Kodi ndingawapatse ana madzi amenewa? Mapasa anga ali ndi zaka 3.

Chigubu20
Wiritsani basi amayi, muthiremo WaterGuard, nkhani yatha. Ife tinakulira madzi a mu Mudi, mpaka lero tilipo.

Namwino_waUsiku
Ayi a Chigubu20, apa musawasokeretse amayiwa. Kuwiritsa ndi WaterGuard zimapha tizilombo ta kolera ndi matenda otsegula m'mimba. Mtovu, chitsulo cha poizoni chimene chili m'mabatirewo, si kachilombo, sufa ndi moto. Mukawiritsa kwambiri madzi amachepa ndi nthunzi koma mtovu wonse umatsala mumphika, ndiye mwangouonjezera mphamvu. Ndipo ana aang'ono ndi amene umawalowa msanga kuposa akulu. Umaononga ubongo mwakachetechete, mwana sadwala zooneka, mumangodzadabwa kusukulu kuti bwanji sakugwira.

Chigubu20
Ndiye kuti masamu aja ndinalephera chifukwa cha Mudi eti? Ndimati ndine mbuli yachibadwa.

Nyakwawa
Ulesi uja usaunamizire mtsinje aise.

Labu_Zomba
Amayi, ndiyankhe kaye funso lanu mosazungulira: musawapatse. Kuyera kwa madzi sikukuuzani kanthu pa nkhani ya mtovu. Mtovu wosungunuka ulibe mtundu, ulibe fungo, pakamwa sumveka. Malire amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika ndi mamiligalamu 0.01 pa lita. Kuti muone kuchepa kwake, galamu imodzi yokha ya mtovu ikwana kufikitsa pa malire amenewa zigubu 5,000 za malita 20. Pomwe batire limodzi la galimoto lili ndi mtovu wa makilogalamu angapo.

Koma mwanayo musamukalipire, sananame. Ine ndimagwira ntchito mu labu ndipo zimene waonazo ndi sayansi yeniyeni. Zamoyo zimapanga ulusi wautaliutali wosaoneka ndi maso, tizidutswa tofanana titalumikizana ngati mikanda pa chingwe. Asayansi amautcha biopolymer. M'zomera muli wotchedwa cellulose, ndiye thonje, zitsononkho, mankhusu a mpunga, zotsala za nzimbe akaifinya. M'makoko a nthochi ndi a malalanje mulinso pectin. M'zigoba za nkhanu, m'khungu la ngumbi ndi ziwala, ngakhale mu bowa, muli chitin. Pa ulusi umenewu pali timalo tokoka zitsulo zosungunuka monga mtovu, kopa ndi cadmium, n'kuzigwira.

Ganizirani ulimbo. Mbalame ikatera, yakodwa. Koma amene anatcherapo ulimbo akudziwa kuti kamtengo kakadzaza nthenga ndi fumbi, mbalame zimatera n'kuulukapo bwinobwino. Sefa ya mwanayo ndi chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti nthenga mumaziona, pomwe sefa siikuuzani tsiku limene yakhuta. Madzi amatulukabe oyera mbee mtovu uli momwemo.

Mayi_aMapasa
Mayo ine. Ndiye ndinatsala pang'ono kuphikira phala la ana m'mawa uno.

Makaniko_Limbe
Koma inu mwayamba kale kuwaweruza anyamatawo ngati afiti. Ndani wayeza madziwo? Ntchito kulibe, anthu akuswa mabatire kuti adye, osati kuba. Ine mabatire ndimawagwira tsiku ndi tsiku zaka 15 tsopano, sindinagonepo m'chipatala.

Namwino_waUsiku
Palibe wawatcha afiti achimwene. Chifundo chachikulu chili pa iwo omwewo, chifukwa ndi amene akupuma utsi akamasungunula. Ndipo inu kumasula batire pa galimoto n'kuika lina si chimodzimodzi ndi kuliswa n'kutulutsa zam'kati.

Labu_Zomba
A Makaniko ali ndi mfundo pa chinthu chimodzi, madziwo sanayezedwe. Mtovu umakonda kukanirira m'dothi, makamaka la katondo, ndiye ndi zotheka kuti m'chitsime simunafike wambiri. Koma asidi uja ndi amene amaumasula kuti uziyenda, ndipo chitsime chosazama chimene madzi a ngalande amalowa pamwamba ndi nkhani ina. Tonse pano tikungoganizira mpaka botolo lipite ku labu.

MwanaWaKabwe
Ndilowepo ine wakwawo kwa mtovu. Ndinabadwira ku Kabwe kuno ku Zambia, makolo ndi a ku Katete. Mgodi wa mtovu ndi zinc unayamba cha mu 1906, unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero mulu wakuda wa zinyalala zake ulipo, timautcha Black Mountain. Makomboni ngati Kasanda, Chowa ndi Makululu ana ambiri anapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Chimene ndikufuna muone amayi ndi ichi: kwathu mdani wamkulu si madzi a m'kapu ayi, ndi fumbi. Mwana amasewera pansi, amaika zala m'kamwa, amatola chigumu chagwa pansi n'kudya. Ine ndikukumbukira amayi anga akusesa pabwalo m'mawa uliwonse m'chilimwe, fumbi kobo, ife tili pakhonde ndi phala m'manja. Tinkaona ngati ukhondo. Patapita zaka ndi pamene azaumoyo anayamba kutiuza kuti tiziwaza madzi tisanasese, tizikolopa m'nyumba ndi nsanza yonyowa, ana asambe m'manja asanadye chilichonse. Ndiye musanatangwanike ndi sefa, taonani kumene mapasawo amasewera. Ngati amafukula mchenga wa m'ngalandemo, ndiye vuto lili pamenepo.

Mayi_aMapasa
Achimwene mwandilasa mtima. M'ngalandemo ndi momwe amatapa mchenga wophikira masanje, tsiku lililonse.

MwanaWaKabwe
Aletseni lero lomwe, musadikire za ku labu.

Nyakwawa
Funso la pambali. Mtovu ndi lead kapena kopa? Chifukwa agogo anga ankati mtovu akamanena timiyala tolemera tomangirira ku ukonde, koma ena ndimamva akunena mtovu pa mawaya a magetsi.

Mphunzitsi_Thyolo
Wa pa ukonde uja ndiye mtovu weniweni, wotuwa, wolemera, wofewa moti mutha kuukanda ndi chikhadabo. Wa mawaya ndi kopa, akale ankati mkuwa. Ndipo asodzi ambiri mtovu wa pa ukondewo amautenga m'mabatire momwemo.

Koma ine ndikudabwa kuti mpaka pano palibe watchula chamwamba. Kuno ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku University of Leicester ndi a ku Polytechnic anayesa njere za chamwamba pa malo oyeretsera madzi a m'mipopi, m'malo mwa alum, mankhwala odikhitsa matope ogula kunja, ndipo matope ankadikha bwinobwino. Kenako cha m'ma 2006 a chemistry ku Chanco, a Pulofesa Samson Sajidu ndi anzawo, analemba za ufa wa njere zomwezi pochotsa mtovu m'madzi. Izi si za azungu a pa foni, ndi zathu zomwe. Mtengowo uli pa mpanda wa nyumba zambiri, bwanji osawauza amayiwa asinje njere?

Labu_Zomba
Aphunzitsi, zonse mwanenazo ndi zoona, ndipo chamwamba ndimachilemekeza. Koma tisiyanitse ntchito ziwiri. M'njere muja muli puloteni imene imakoka tinthu ta matope toyandama m'madzi, timaundana n'kumira. Pa ntchito imeneyo chamwamba ndi katswiri. Mtovu wina umene unakakamira pa matopewo umamira nawo limodzi, ndipo ufawo umagwirako wina wosungunuka. Koma mu kafukufuku zinthu zimayenda chonchi: munthu amatenga madzi oyeretsedwa kale, amathiramo mtovu wa muyezo wodziwika, amayeza pH, muyezo wa kuwawasa kwa madzi, n'kuikonza, amayeza ufa pa sikelo, amakhutchumula kwa nthawi yoikika, kenako amayeza chotsala pa makina. Akanena kuti wachotsa gawo lalikulu, funsani kuti chotsalacho ndi chochuluka bwanji. Mukayamba ndi mamiligalamu 1 pa lita n'kuchotsa magawo 90 pa 100, mwatsala ndi 0.1. Pa pepala ndi chipambano, koma m'kapu ya mwana ndi kuchulukitsa ka 10 malire a WHO aja.

Chinanso, madzi a pachitsime sali okha. Muli kashiamu, magnesium, ayironi, zonsezi zikulimbirana timalo tomwe tija, ndipo n'zochuluka kwambiri kuposa mtovu. Zili ngati minibasi ya ku Ndirande m'mawa, amene mumafuna akwere uja amapeza mipando yadzaza kale.

Mphunzitsi_Thyolo
Ndiye mukuti kafukufuku yense uja ndi wopanda ntchito?

Labu_Zomba
Ayi ndithu. Ndikuti kuchoka pa botolo la mu labu kufika pa ndowa ya kukhitchini pali mtunda umene sunayendedwe wonse. Ndipo madzi oyeretsedwa ndi chamwamba sasungika, ufa wotsalamo ndi chakudya cha tizilombo, mawa lake ayamba kununkha. Makoko a nthochi ndiye kuposa apo, akanyowa amavunda. Tisathawe mtovu n'kukagwera kolera, 2022 ndi 2023 sitinaiwale.

WaKuKopala
Ine ndili ku Kitwe, kwathu ndi ku Chipata. Pa 18 February 2025 damu losungira zinyalala za mgodi wa kopa linaphulika ku Chambishi, madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi kenako mu Kafue. Zimene ndinaona sindidzaiwala. Nsomba zili mbuu pamwamba pa madzi mimba kumwamba, chimanga cha m'mbali mwa mtsinje chitapsa ngati wachithira madzi otentha. Madzi a m'mipopi anatitsekera tauni yonse, tinkayenda ndi zigubu kusaka nyumba yokhala ndi mjigo. Boma linatumiza ndege za asilikali kuthira laimu mu mtsinje. Ndiye funso langa kwa a Labu: ngati zigoba za nkhanuzi zili ndi mphamvu chonchi, bwanji sanathire zimenezo?

Labu_Zomba
Pepani ndi zimene munakumana nazo achimwene. Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, chitosan, amene amapangidwa kuchokera ku chitin wa m'zigobazo, amasungunuka m'madzi a asidi. pH ikatsika pansi pa 6, amayamba kusanduka phala lamadzimadzi. Mu madzi ngati a ku Chambishi aja akanangosungunuka, ndipo ngakhale asasungunuke, m'madzi owawasa timalo tija sitigwira kopa kapena mtovu bwino. Chachiwiri ndi kuchuluka. Sefa za mtundu uwu ndi zopukutira, ntchito yake ndi kutola totsalira tochepa kumapeto, osati kulimbana ndi chigumula. Laimu amapha asidi, ndipo asidi akatha zitsulo zambiri zimasiya kusungunuka, zimaundana n'kumira. N'chifukwa chake m'migodi ndi m'mafakitale amayamba ndi laimu. Koma dziwani kuti laimu sachotsa zitsulozo mu mtsinje, amangozigoneka m'matope apansi. Tsiku lina madzi akadzawawasanso kapena chigumula chikadzavundula, zina zimadzuka.

WaKuKopala
Ndiye chifukwa chake anthu a m'mbali mwa mtsinje akudandaulabe za zitsime ndi minda. Zikomo, ndamva.

Chigubu20
Dikirani kaye. Chitosan ameneyu ndi m'bale wake wa chitosi cha nkhuku? Chifukwa ngati ndi choncho ine ndili ndi fakitale kuseri kwa nyumba.

Nyakwawa
Iwe tuluka pagulu pano.

Adimini
A Chigubu20 tasekako, koma amayiwa ali ndi ana awiri. Tiyeni tibwerere ku nkhani.

AgogoAchidulo
Ine sukulu sindinapite nayo patali koma ndamva za laimuzo. Kumudzi timatcheza chidulo, phulusa la zitsononkho m'chitini chobooka, madzi akudontha pansi, tikathira m'thelere limafewa. Kodi phulusa si m'bale wake wa laimu? Bwanji osathira phulusa m'chitsimemo?

Labu_Zomba
Agogo mwaganiza ngati katswiri, phulusa limaphadi asidi ngati laimu. Koma m'chitsime musathire, madzi ake sangamweke, adzakhala chidulo chenichenicho, ndipo mtovu ungomira pansi pomwe ndowa imakavundula. Kumene laimu angathandize ndi kumtunda kuja, pamene anyamatawo amakhuthulira asidi.

WaKuAngonia
Ine ndimayendetsa thiraki pakati pa Tete ndi Beira. Ku Beira ndi ku Quelimane zigoba za ma prawns zimatayidwa milumilu, fungo lake ntchentche zimachita kuitanizana. Ngati ndi chuma, ndiuzeni kapangidwe kake ndizibwera nazo matumba.

Labu_Zomba
Chuma chilipo, ndipo chitosan wambiri wogulitsidwa padziko amachokeradi ku zigoba zotayidwa m'mafakitale a nsomba. Koma si ntchito ya pa mbaula. Zigoba zimatsukidwa, kuumitsidwa ndi kuperedwa. Kenako zimanyikidwa mu asidi wa hydrochloric kuti choko cholimbitsa chigoba chisungunuke, thovu limachita kutumphuka. Kenako mu caustic soda wosalimba kwambiri kuti totsalira ta mnofu tichoke. Chotsala pamenepo ndiye chitin, woyera ngati timapepala. Kuti asanduke chitosan, chitin amaphikidwa kwa maola mu caustic soda wamphamvu zedi, wa magawo 40 mpaka 50 pa 100, wotentha. Amene anapangapo sopo akudziwa mmene caustic amadyera khungu, ndiye uyu ndi wamphamvu kuposa wa sopo. Kadontho kamodzi m'diso, diso lapita. Ine ndili ndi kachipsera pa dzanja pomwe glovu inang'ambika, ndipo ndinali mu labu yokhala ndi mpopi pafupi.

Kuphikako ndi kumene kumatsegula timalo togwira zitsulo. Zigoba zongosinja mu mtondo zimagwirako pang'ono, koma si zimene mumaona m'makanema zija. Ndipo kuti chitosan asasungunuke amamulimbitsa ndi mankhwala ena ngati glutaraldehyde, amene payekha ndi poizoni ndipo ayenera kutsukidwa mpaka atheretu. Mawu oti zachilengedwe amatinyenga. Chiyambi chake ndi chachilengedwe, koma njira yake ndi ya fakitale.

WaKuAngonia
Basi ndizingonyamula simenti yanga.

MtchonaWaKuCape
Kuno ku Cape Town m'mbali mwa nyanja mumadzaza ndere zikuluzikulu zofiirira, amati kelp, zina zazitali kuposa nyumba. Mwana wanga ku yunivesite anandionetsa zodabwitsa patebulo la kukhitchini. Anasungunula ufa wotchedwa alginate, wochokera ku ndere za mtundu womwewu, unakhala ngati thelere. Ndiye anatenga jekeseni wopanda singano n'kumadonthezera m'kapu ya madzi a calcium chloride, mchere wa kashiamu. Dontho lililonse likangogwa limasanduka kampira kofewa ngati dzira la chambo. Akuti timipira timeneti ukatiika m'madzi a mtovu, mtovu umalowa n'kukankha kashiamu, kashiamu ndiye amatulukira m'madzi. Apa palibe caustic, palibe moto. Ufa womwewu ndi umene madokotala a mano amadindira mkamwa. Nanga imeneyi siingatheke kumudziko?

Labu_Zomba
Imeneyo ndiye ndimaikonda pophunzitsa ana, ndipo alginate amakondadi mtovu kuposa kashiamu, mwana wanu wanena zoona. Vuto ku Malawi kuno ndi loti ndere zimenezo ndi za m'nyanja ya mchere, ku Mangochi simungazipeze, ndiye ufawo ndi woitanitsa ndi ndalama zakunja. Ndipo mtovu umatenga nthawi kuti ulowe mpaka m'kati mwa kampirako. Madzi akangodutsa mothamanga ngati m'botolo la mwana uja, sanagwirane n'komwe. Pamafunika paipi yaitali, madzi akuyenda pang'onopang'ono, ndi munthu woyeza zotuluka nthawi ndi nthawi. Tabwereranso pa ulimbo paja.

Kwa ife kuno chimene ndimaona kuti chili ndi tsogolo ndi zimene tili nazo zambiri: zitsononkho, mankhusu a mpunga a ku Karonga ndi ku Nkhotakota, zotsala za nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, namasupuni amene amatsekereza Shire. Zikaphikidwa ndi citric acid, asidi wa m'mandimu uja, timalo togwira zitsulo timachuluka. Koma malo ake oyenera ndi pa paipi yotulutsa madzi oipa pa fakitale kapena pa galaja, madzi asanalowe mu Mudi kapena mu Naperi, pomwe pali munthu wolembedwa ntchito yoyeza ndi kusintha sefa. Kusefa malita ochepa oipa kwambiri pa gwero n'kosavuta kusiyana ndi kusefa zitsime za mudzi wonse.

Chitsononkho
Dzina langa latchulidwa ndiye ndiyankhule. Ine ndimaweta nkhumba. Ndimaganiza zoti ndizisefera madzi ndi madeya, akatha ntchito ndizipatsa nkhumba, palibe chotayika.

Namwino_waUsiku
Ndiye mtovu uchoke m'madzi, ulowe mu nkhumba, ife tidzagule pa chiwaya. Chonde bambo.

Labu_Zomba
A namwino anena kale. Iyi ndi mbali imene makanema aja satchula. Chitsulo sichiwola, sichitha, chimangosamuka. Sefa yokhuta ndi zinyalala za poizoni. Mukaitaya kudzala, makoko amawola, mtovu umatsala m'manyowa, mawa mwathira m'dimba la mpiru. Mukaiwotcha, wina upita ndi utsi, wina utsala m'phulusa. Ku mafakitale amaitsuka ndi asidi kuti zitsulo zichoke n'kuzisonkhanitsa pamodzi, sefa n'kuigwiritsanso ntchito kangapo. Pakhomo mulibe potayira.

Nyakwawa
Nanga kwathu ku Makanjira kumene anthu akukumba golide? Ena akuti amagwiritsa mercury, chitsulo chamadzimadzi cha poizoni. Sefa yomweyi ingathandize?

Mphunzitsi_Thyolo
Imeneyo ndiyankheko ine, ndimaphunzitsa. Mercury njira yake ndi ina. Akalowa m'matope a mu mtsinje, tizilombo timamusandutsa mtundu wina umene umaunjikana mu nsomba, yaikulu ikadya yaing'ono amachulukirachulukira. Ku Minamata ku Japan, komwe matendawa anadziwika mu 1956, anthu anapuwala ndi kufa chifukwa cha nsomba zimene ankadya, osati madzi akumwa. Winanso amalowa m'mapapo mwa wowotcha golideyo. Ndiye ungasefe madzi bwanji, ngati ndiwo zili zochokera mu mtsinje womwewo sunathawe kanthu.

Labu_Zomba
Ndendende aphunzitsi. Chitsulo chilichonse chili ndi khalidwe lake, palibe sefa imodzi yogwira zonse. Ku Bangladesh mijigo yambirimbiri inapezeka ndi poizoni wotchedwa arsenic. Iyeyu makoko ndi alginate samugwira bwino, amakonda dzimbiri. Sefa imene inathandiza kumeneko, yotchedwa SONO, ya katswiri Abul Hussam, ndi ndowa ziwiri zosanjikiza zokhala ndi mchenga, makala ndi tizidutswa ta chitsulo, ndipo inapata mphoto yaikulu ku America mu 2007. Koma iwo anayamba ndi kuyeza mijigo, yabwino n'kuipaka penti wobiriwira, yoipa wofiira. Anadziwa kaye mdani wawo.

Makaniko_Limbe
Chabwino, mwatigonjetsa ndi sukulu. Koma kuyezako kumachitikira kuti? Chifukwa pano aliyense akungoti labu labu ngati ili pa msika wa Limbe.

Labu_Zomba
Funsani ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre konko, kapena ku dipatimenti za chemistry m'mayunivesite ngati MUBAS ndi UNIMA. Unduna woona za madzi ulinso ndi Central Water Laboratory ku Lilongwe. Munene momveka kuti mukufuna ayeze mtovu, chifukwa mukangoti yezani madzi akhoza kungoyeza tizilombo ndi mchere. Makina ake amatchedwa atomic absorption. Musatengere madzi m'botolo la Sobo lotsuka ndi sopo ayi, pitani kaye akakuuzeni katengedwe kake, nthawi zambiri amapereka botolo lawo ndipo amadonthezamo nitric acid kuti mtovu usakakamire m'mbali mwa botolo. Ngati thumba lilola, tengani kawiri, tsiku louma ndi tsiku lotsatira mvula yamphamvu. Mufunsenso ngati angayeze dothi la m'ngalandemo, a ku Kabwe aja sananame. Pa lendi muli mabanja angati? Sonkheranani, chitsime ndi cha nonse.

Namwino_waUsiku
Ndionjezere. Popita ku sikelo muwauze azaumoyo kuti ana amasewera pafupi ndi poswera mabatire, alembe m'buku. Muwadyetse zakudya za ayironi ndi kashiamu, usipa wodya ndi minga yomwe, bonongwe, nyemba, mazira. Mwana wa magazi ochepa kapena wa njala thupi lake limayamwa mtovu wambiri.

Chigubu20
Tsopano zenizeni, nthabwala pambali. Madzi akumwa ndi ophikira a ana okha pa tsiku sakwana chigubu chimodzi. Gulani pa kiyosiki amenewo, a pachitsime azikhala ochapira ndi kukolopera. Mpopi ukabwera usiku dzazani zigubu zonse. Ife timatero.

Nyakwawa
Taonani, Mudi sanamalize ubongo wonse.

Mphunzitsi_Thyolo
Ndipo mwana wa Fomu 3 uja musamugwetse ulesi. Botolo lakelo alisunge, lisakhale lomwera koma la pulojekiti. Ngati mukupita ku labu, atenge mabotolo atatu: madzi osasefa, oyamba kutuluka mu sefa yatsopano, ndi otuluka sefayo itagwira ntchito sabata yathunthu. Akaika manambala atatuwo pa tchati, ameneyo wachita sayansi kuposa wojambula kanema uja. Aphunzitsi ake a chemistry amuthandize.

Labu_Zomba
Imeneyo ndasainira. Botolo lachitatulo ndi limene ine ndingafune kuona.

Mayi_aMapasa
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Sefa ndaichotsa kukhitchini, mwana uja anakwiya pang'ono koma nditamuwerengera za aphunzitsi wayamba kale kufunsa za mabotolo. Mapasa ndawaletsa kungalande, ndawathirira mchenga wina m'beseni pakhonde, alira mpaka kugona. Pa lendi pano tilipo mabanja 6, anayi avomera kusonkha, alandilodi akuti chitsime chawo anthu amwa zaka zambiri palibe anafa. Chimene chandivuta ndi anyamata aja. Mmodzi ndi mwana wa mayi amene timapemphera limodzi. Ndipite kwa amfumu a m'dera, ku khonsolo, kapena ndiyambe ndi mayi akewo?

Nyakwawa
Ku khonsolo ndi ku MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, basi. Lamulo la zachilengedwe la 2017 lilipo, asidi satayira m'ngalande.

AgogoAchidulo
Yambani ndi mayi ake mwanawe. Mukathamangira kuboma mudzadana mpaka kumanda, ndipo anyamatawo angosamukira kuseri kwa nyumba ya wina.

Makaniko_Limbe
Amayi, inu musapite nokha, akuonani ngati mukufuna kuwalanda nsima. Ine ndi wa ntchito zomwezi, chinenero chawo ndimachidziwa. Pali ogula amene amatenga batire lathunthu losaswa, ndiye palibe chifukwa chogwirira nkhwangwa pakati pa nyumba za anthu. Ndili ndi mgolo wa pulasitiki wa buluu ku galaja sukugwira ntchito, ndiwapatsa azithiramo asidi poyembekezera. Ndilembereni kumbali mundiuze polowera, Loweruka ndikaweruka ndifika.

Mayi_aMapasa
Ndakulemberani achimwene. Mubwere ndi nsapato zotseka, njira yake ndi ya m'ngalande momwemo.